Mmene Mfuko Adatsekera Mbewu M'chulu

Padangotero, m'chaka chachitatu chiyambire nyama kulima, mudzi wa Mfumu Nchefu udatsala ndi zipanda zitatu zokha za mbewu. Chaka chapitacho mvula idadula chimanga chisanamasule, njala idalowa, ndipo nyama zidadya zonse zimene zidali m'nkhokwe kupatula zipanda zitatuzo. Nchefu, mfumu yachikazi yosakonda kubwereza mawu, adamata zipandazo pakamwa ndi phula nazipereka kwa Njiri, nduna yake, kuti azisunge m'kanyumba ka mbewu. Aliyense ankadziwa kuti mbewuyo ikawonongeka, mudzi nawo watha.

M'mudzimo mudali mlendo, Dokowe. Chaka ndi chaka iye ankafika mvula ili mkati nachoka nthawi ya masika, koma chaka chimenecho adathyoka phiko ndipo adatsalira. Adali atayenda maiko ambiri. Adali ataona ngakhale nyanja yamchere, imene nyama za kumeneko zinkangoimva, pakuti dziko lawo lidali kutali ndi nyanjayo mbali zonse. Nchefu adaganiza kuti woyenda chotere sangalephere kudziwa za mitambo, choncho adamuika kukhala mlangizi wa mvula. Lamulo lidali lakuti Dokowe akagogoda mlomo wake pabwalo, m'mawa mwake aliyense atenge khasu akabzale.

Mudalinso Mfuko, msuweni wake wa Njiri. Maso ake sankaona bwino, ndipo munda adalibe. Ankadya mbatata ndi chinangwa cha anzake kuchokera pansi, ndipo adali atazengedwapo mlandu wakuba kanayi.

Nyengo yachisanu itafika, mphepo ya mwera idabweretsa chiperoni, kamvula kowaza kobwera ndi nkhungu. Kadawaza tsiku loyamba, kadawazanso lachiwiri. Dokowe adaima pabwalo nagogoda mlomo.

"Mvula yayamba," adatero. "Kunyanja kumene ndimadutsa, ikagwa chonchi amabzala tsiku lomwelo."

Nyama zanjalazo zidaomba m'manja. Pomwepo dothi la pakati pa bwalo lidatukuka, Mfuko nasuzumira.

"Zikomo mfumu, ndilankhuleko. Iyi si mvula yobzalira. Ndi zotsalira za mphepo ya kunyanja, mapiri atafinya kale madzi ake. Kwathu kunsi kuno sikudafike ngakhale dontho."

"Iwe udaionapo mitambo?" adafunsa Dokowe.

"Ayi, bambo. Koma nayo mbewu siiona mitambo. Imagona kwathu."

"Msuweni," adatero Njiri, "wayamba liti kudera nkhawa minda ya eni?"

"Chiyambire kudyamo. Inu mukapanda kukolola, ine ndidzaba chiyani?"

Bwalo lidaseka, koma palibe adasintha maganizo. Nchefu adati, "Mlangizi walankhula. Mawa tibzala."

Mfuko adabwerera pansi akuimba. Nyimbo yake idali ya funso limodzi: ankafunsa mvula kuti yatsika mpaka pati, nadziyankha yekha kuti yangonyowetsa khungu la nthaka. Mawu ake ankamveka motsika pansi pa mapazi a nyama zimene zinkabalalika.

M'mawa, makasu ali kale pamapewa, kudamveka kulira. Mkazi wa Mfuko adali pakhomo atagwira mutu, ndipo mwamuna wake adali gone pamphasa, miyendo ili m'mwamba, wouma ngati chikuni.

Tsono mwambo wa mudziwo udali wakuti maliro akagwa, palibe wogwira khasu kumunda kufikira womwalirayo ataikidwa ndipo anamfedwa atameta.

"Kodi sitingabzale kaye, maliro n'kuika madzulo?" adafunsa Dokowe.

"Kuno sititero," adayankha Nchefu. "Ngakhale mbala ili ndi maliro ake. Tulani makasu."

"Ndiponso sitingaike amalume ake asanafike," adatero mkazi wa Mfuko akusisima. "Uthenga wapita, koma amayenda pansi, ndipo mwendo umodzi umawavuta."

Adadikira amalumewo masiku awiri, osafika. Tsiku lachitatu Nchefu adalamula kuti manda akumbidwe. Njiri ndiye adali mkulu wa adzukulu. Atangochotsa dothi lapamwamba adapeza fumbi lokhalokha, nayamba kuyetsemula, koma adapitiriza kukumba. Nthawi yolankhula mbiri ya womwalira itakwana, nyama zidayang'anana. Potsiriza Njiri yemweyo adaimirira.

"Msuweni wangayu adalibe tsankho," adatero. "Munda wa mfumu ndi munda wa mmphawi ankauona chimodzimodzi."

Adzukulu adamukwirira Mfuko, onse nabwerera kumudzi. Palibe amene adaganizira kuti kukwirira mfuko n'kungomuperekeza kunyumba kwake. Iye adaboola mphasa nayamba ntchito. Adakumba njira yochokera pansi pa kanyumba ka mbewu kukafika pansi pa chulu chachikulu cha kumapeto kwa munda, ndipo kumeneko adakonza kachipinda. Pofika tsiku lometa, lomwe lidali lachisanu, chiperoni chidali chitapita, ndipo kudatsala kuzizira ndi fumbi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi dothi la pabwalo lidatukukanso.

"Ndabwerako," adatero Mfuko. "Kumeneko n'kouma. Akuti salandira alendo chaka chino."

Ena adathawa. Nchefu sadasunthe. Adayang'ana fumbi limene mphepo inkaulutsa pabwalo, kenaka adayang'ana Mfuko.

"Wanamiza mudzi wonse," adatero. "Sindikulanga, chifukwa mbewu ikadafera m'nthaka. Koma maliro ako tawalira kale. Ukadzafa zenizeni, palibe adzatule khasu."

"Yandisokoneza ndi mphepo," adatero Dokowe. "Ulendo wina sindilakwitsa."

Chisanu chidatha, chilimwe chidalowa. Tchire lidapsa, zitsime zidaphwa, nyama zinkadya mizu ndi makungwa. Tsiku lina masana kudachita mabingu ndipo mvula yamphamvu idagwa, madzi nayenda m'njira. Isanakate n'komwe, Dokowe adali atagogoda kale mlomo.

"Iyi ndiye palibe angaitsutse," adatero.

"Zikomo mfumu," adatero Mfuko akutulutsa mphuno. "Iyi yabwera kudzazima lupsa basi. Ikapita, dzuwa libwerera. Ya dzinja imabwera mphepo ikatembenuka n'kuyamba kuchokera kumpoto. Nyumba yanga ili ndi makomo mbali zonse, ndipo khomo lakumpoto likadali zii."

"Mabingu aja sudawamve?" adafunsa Dokowe.

"Ndawamva, bambo. Mabingu sanyowetsa nthaka."

"Madzi tawaona ndi maso athu," adatero Nchefu. "Mawa tibzala. A Njiri, musachoke pa kanyumba ka mbewu. Ndipo iwe Mfuko, kumbukira kuti kufa udafa kale."

Njiri adakhala pakhomo pa kanyumbako. Adali asanaone matope miyezi isanu ndi umodzi, ndipo khungu lake lidali litang'ambika. Posakhalitsa Mfuko adatulukira pafupi ndi mapazi ake.

"Choka, mbala iwe."

"Ndikupita, msuweni. Ndimangoti ndikuuzeni kuti kuseri kwa dambo kwasonkhana matope ofika m'mimba. A Nguluwe ndi banja lawo lonse alunjika komweko. Koma inu muli pantchito, zisiyeni."

Njiri adapirira kanthawi. Kenaka adatseka chitseko, nachichirikiza ndi mtengo, nathamangira kumatope. Khomo adalitseka bwino ndithu, koma Mfuko sadayambe walowera pakhomo. Adaboola pansi, nagubuduza chipanda choyamba m'njira yake ija mpaka pansi pa chulu. Adabwerera nagubuduza chachiwiri. Pobwerera chachitatu adapeza Njiri atachikhalira, matope akuchucha, akukuwa kuti kwalowa mbala. Mfuko adatembenuka, nagwetsa njira yonse pambuyo pake, namata kachipinda kaja ndi dothi la chulu. Achiswe, eni chulucho, sakonda kuona bowo m'nyumba mwawo, choncho adamaliza kumatako mwaluso kuposa iye.

M'mawa nyama zidamufunafuna Mfuko osamupeza, ndipo zidabzala chipanda chimodzi chotsalacho. Dzuwa lidatuluka. Patapita masiku asanu mmera udaoneka m'mizere, wobiriwira bwino. Tsiku lomwelo Mfuko adabwera yekha pabwalo.

"Zipanda ziwiri ndidatenga ndine," adatero. "Sindidadyeko ngakhale njere imodzi. Zili pansi pa chulu cha kumapeto kwa munda, kuya kwake ngati mwendo wa a Njiri. Katengeni."

Nyama zidapita ndi makasu. Chulucho chidali chitauma ngati mwala. Makasu atatu adathyoka, ndipo Njiri adabenthula dzino. Dokowe adati athirepo madzi, koma madzi a pachitsime adali ongokwanira kumwa, ndipo ochepa amene adathirawo adangotsetsereka.

Nchefu adaitanitsa bwalo.

"Mmera uli m'munda," adatero. "Ukadakhala wa zipanda zitatu, bwenzi njala titaigonjetsa. Iwe Mfuko, mmerawu ukafika m'mawondo mwanga mbewu inayo ikadali m'chulu, ndikupereka kwa a Dokowe akumeze."

"Sindidya anzanga a m'mudzi," adatero Dokowe, "koma uyu ndimudya."

Poti pansi paliponse Mfuko akadakumba n'kuthawa, adamuika mumtondo, Njiri nakhala mlonda wake. Ali mumtondomo ankaimba nyimbo yake ija, kufunsa mvula kuti yatsika mpaka pati, ndipo yankho lidali lakuti yangofika pa chiboda cha Njiri. Mtondowo unkakuza mawu ake, moti nyimboyo inkamveka mudzi wonse ndipo ambiri inkawakwiyitsa.

Mvula sidabwerenso. Sabata yoyamba mmera udaima. Yachiwiri masamba adapindika. Yachitatu udauma, mphepo niuulutsa. Chipanda chimodzi mwa zitatu chidatha choncho. Palibe amene adathokoza Mfuko, ndipo mumtondo sadamutulutse, koma mkazi wake akamubweretsera mizu, mlonda adasiya kumulanda.

Masana ena Dokowe adabwera nasuzumira mumtondo.

"Udadziwa bwanji?" adafunsa motsitsa mawu.

"Ndikufunseni kaye, bambo. Mudayamba mwafikapo kuno mvula isanagwe?"

"Ayi. Ndimaipeza ikugwa."

"Nanga mudayamba mwaona kuno kuli fumbi?"

"Chaka chino chokha."

"Ndiye mumadziwa pakati pa mvula yathu. Chiyambi chake simudachionepo. Kunyanja kwanuko mvula imakhala pafupi, ikafuna yagwa. Kuno imachokera kutali, ndipo imatumiza amithenga awiri kapena atatu isanafike yokha. Inu mukumayalira mphasa amithenga."

Dokowe adatulutsa mutu mumtondomo nachoka.

Patapita masiku ochepa mvula ina idagwa, yoposa yoyamba ija. Idakokolola phulusa la lupsa kupita nalo kumitsinje. Nyama zidachita mantha kuti mwina iyi ndiyo yeniyeni ndipo ziphonya dzinja lonse. Zidazungulira Dokowe kumuumiriza, iye nagogoda mlomo, koma osati mwamphamvu ngati kale. Nyama zidathamangira kuchulu. Khasu lidalowa pang'ono, kenaka lidadumpha.

Nchefu adabwera yekha pamtondo.

"Tsegula chulu," adatero.

"Sindingathe, mfumu. Kutseka ndidatseka ndine, koma chotsegulira sindidasunge. Chili ndi mvula. Imene ingafewetse chulucho kufika pa zipanda, imeneyo ndiyo ingasungenso mbewu m'munda. Imene yalephera chulu, mbewu yanu ikadaipha."

"Nanga ikapanda kubwera?"

"Ndiye kuti mbewu ili pabwino m'chulu kuposa m'mizere."

"Pakamwa pako sipauma," adatero Nchefu. "Koma nyama zanga zili ndi njala, ndipo sindingazidyetse mayankho ako. Ndikupatsa masiku asanu ndi awiri. Chulu chikapanda kutseguka, chigamulo chija chichitika."

Mfuko adaimbanso, ndipo ulendo uno mvula idali itafika pa kakolo wa Njiri. Mawu ake adali ochepa mphamvu kusiyana ndi kale, pakuti nayenso sankadziwa tsiku. Mumtondo mudalibe makomo omvera mphepo.

Tsiku loyamba lidadutsa, dzuwa lili phwee. Lachiwiri ndi lachitatu chimodzimodzi, ndipo madzi a mvula ija adaumiratu. M'mawa uliwonse Mfuko ankafunsa mlonda wake funso lomwelo.

"Msuweni, mphepo ikukuombani khutu liti?"

"Lomwe lija."

"Mwaima bwino? Musayang'ane kumene kuli chakudya, yang'anani kotulukira dzuwa."

"Ndaima bwino, mbala iwe. Khutu lamanja."

Tsiku lachinayi yankho lidali lomwelo. Lachisanu Njiri adachedwa kuyankha. Adagwedeza makutu, natembenuka, naimanso bwino.

"Lamanzere," adatero.

"Bwerezani."

"Lamanzere, msuweni. Ndipo ndi yofunda."

"Kauzeni anzanu akonze makasu othyoka aja."

Mvula idayamba masana a tsiku lomwelo. Idalibe mabingu ambiri. Idangogwa mosalekeza, tsiku limenelo ndi lotsatira lonse, mpaka Njiri adachita kuvundikira mtondo ndi lichero kuti wam'ndende wake asamire. Nyama zidayang'ana Dokowe, koma iye sadagogode mlomo.

"Kafunseni chulu," adatero.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri mvula idakata, ndipo mudzi wonse udapita kuchulu, Njiri atasenza mtondo. Asanafike n'komwe adaona ngumbi zikutuluka m'chulumo, zambirimbiri, zikuuluka. Achiswe adali atatsegula okha makomo awo. Nchefu adatenga khasu natema kamodzi, ndipo lidalowa lonse. Njiri adagwada nakumba mpaka mwendo wake wonse udabisika m'dothi lonyowa, ndipo chiboda chake chidagunda chinthu cholimba. Adatulutsa chipanda choyamba, kenaka chachiwiri. Nchefu adamatula phula nathira njere m'dzanja. Zidali zouma, zopanda ngakhale nankafumbwe mmodzi.

Nthungululu zidamveka. Nchefu yekha adapendeketsa mtondo, Mfuko nagubudukira pansi. Adanunkhiza dothi, nalowamo theka, natulukanso.

"Bzalani," adatero.

Adabzala tsiku lomwelo. Mfuko adayambitsa nyimbo yake ali pansi pa mizere, kufunsa mvula kuti yatsika mpaka pati, ndipo ulendo uno sadadziyankhe yekha. Mudzi wonse udavomera kuti yameza mwendo wonse wa Njiri. Makasu ankagwa motsatira nyimboyo, ndipo Njiri ankakweza mwendo wamatopewo nthawi iliyonse dzina lake likatchulidwa. Ngumbi adazitola zodzaza malichero, ndipo zidawathandiza masiku oyamba aja. Dokowe adadya ngumbi zambiri kuposa aliyense. Mfuko adamuuza kuti adye ndithu, popeza ndiwo zimene adalonjezedwa zamupulumuka.

Mbewu idamera, mvula sidadule, ndipo pa masika zipanda ziwiri zija zidadzaza nkhokwe zisanu ndi imodzi. Sizidali zokolola zoti n'kudzitama nazo kwa alendo, koma palibe amene adagona ndi njala, ndipo mbewu ya chaka chotsatira idakwana zipanda khumi.

Nchefu adasonkhanitsa bwalo nasintha lamulo. Adati mvula yoyamba ya m'chilimwe izitchedwa chizimalupsa ndipo yachiwiri kokalupsa, kuti aliyense akamaitchula azikumbukira ntchito yake. Adatinso pasapezeke wobzala asanakumbe pansi n'kuona kuti chinyezi chatsika mokwanira. Kenaka adaitana Mfuko.

"Udindo wa mlangizi wa mvula ndi wako."

"Zikomo mfumu, koma udindo umafuna kuima padzuwa, ndipo ine mumtondo muja ndidaima mokwanira. A Njiri akudziwa tsopano, mwendo ndi makutu ali nazo. Ine mungondilola mzere umodzi wa m'mphepete mwa munda uliwonse."

"Umodzi," adatero Nchefu.

"Umodzi, mfumu."

"Ameneyu sadziwa kuwerenga mizere," adatero Njiri. "Ndikumudziwa ine, ndi msuweni wanga."

"Maso, msuweni. Mukudziwa kuti maso amandivuta."

Phiko la Dokowe lidapola, ndipo adauluka ndi anzake masika omwewo. Amabwerabe chaka ndi chaka, koma amafika mvula yeniyeni itayamba, ndipo amangoyenda m'minda pambuyo pa olima osalangiza munthu. Alimi amene amasamala mbewu yawo amaisiya chizimalupsa idutse, nayamba akumba pansi asanabzale. Mfuko akadali pansi pomwepo, ndipo mzere wake umodzi uja sadaupezebe malire. Nthano yafika pamene khasu lidalowera, ndipo yathera pomwepo.